Thandizo Lomwe Linam'lepheretsa Bayoloje

Teremu yachiwiri ikamapita kumapeto, mitengo ya m'mphepete mwa misewu ya m'matauni mwathu imadzaza mapepala okhomedwa ndi misomali: part time ya Fomu 4, Bayoloje, Masamu, Kemisitiri, kukhoza n'kosakayikitsa, imbani nambala iyi. Pa foni napo pamakhala piringupiringu. Magulu a WhatsApp amagulitsa manotsi, mapamfuleti ndi ma past paper oyankhidwa kale, ndipo sipalephera kupezeka wina wonong'ona kuti ali ndi likasa. Msika umenewu sunangomera wokha. Sukulu zambiri zoyendera zilibe labotale, buku limodzi amalimbirana ana angapo, ndipo mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi chigulu cha ana choti sangathe kuona kope la aliyense. Kholo lofunira mwana wake thandizo lapadera silinalakwe.

Likasa aliyense amadziwa kuti ndi mlandu. Tinaona mu 2020 pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anali atayenda kale m'mafoni, ndipo ana onse, akuba ndi osaba omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Koma pali thandizo lina lomwe apolisi salithamangitsa. Limabwera dzuwa likuswa mtengo, choko chili m'manja, ndipo makolo amalithokoza. Limeneli ndi lomwe linadyera mtsikana wina chaka chathunthu pamodzi ndi mpamba wa mayi ake.

Dzina lake tilisunge. Anali wa Fomu 4 pa sukulu yoyendera, ndipo maso ake anali pa unamwino. Mayi ake ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa pa siteji ya minibasi. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Bayoloje inkamuyendera bwino m'makalasi a m'munsi, kumene kujambula duwa ndi kutchula ziwalo za m'mimba kumabweretsa malikisi. Zinthu zinatembenuka atafika pa mutu wa za chibadwa. Aphunzitsi ake, bambo wodekha wolankhula motsitsa mawu, sanakhutire ndi kungojambula DNA pa bolodi n'kupitirira. Ankafuna kuti ana amve mmene uthenga wa mu DNA umatulukira n'kukasanduka puloteni, ndipo analemba mawu atatu: replication, transcription, translation. Mtsikanayu anawakopera bwinobwino m'kope, n'kuwadula mzere kunsi ndi rula, koma m'mutu simunalowe kanthu. Kukweza dzanja kunam'kanika. Amene anakhalapo m'kalasi yodzaza akudziwa kulemera kwa dzanja pa nthawi yotere, makamaka kwa mtsikana woti anyamata a kumbuyo akungodikira kuti aphonye Chingerezi aseke.

Anzake anamuuza za mnyamata wina wophunzitsa part time madzulo m'chipinda chobwereka kuseri kwa golosale. Mayi ake sanawiringule. Ndalama ya pamwezi inali yolemera kwa munthu wa mandasi, koma anati bola mwana akhoze.

Mnyamatayo anali wapakamwa pokoma, ndipo ana ankatuluka m'chipinda chake akusekerera. Atafika pa transcription anati: "Musavutike ndi nthano zonse zija akukuuzani kusukulu. Nkhani ndi iyi. Ukaona A lemba U, ukaona T lemba A, ukaona C lemba G, ukaona G lemba C. Basi, malikisi ako watenga." Anawaimbitsa lamulolo mpaka linakhazikika, kenako n'kumawapatsa mizere ya zilembo kuti asinthe. Mtsikana uja ankakhoza yonse. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mutuwu anagona tulo tabwino, ndipo anauza mayi ake kuti, "Amayi, aphunzitsi awa ndiye eni ake. Zomwe akusukulu amatenga sabata yonse, iwo mphindi zochepa atha."

Msampha uli pamenepa, chifukwa lamulo lija si labodza. A amakumanadi ndi U, C amakumanadi ndi G. Bodza lenileni mwana amatha kuligwira, tsiku lina buku lidzalitsutsa. Chovuta kugwira ndi choona chodulidwa pakati, n'kuperekedwa ngati chathunthu.

Mayeso a mock atafika, aphunzitsi akusukulu analemba mzere uwu: ATG CCT GAA TAA. Pansi pake ananena kuti umenewu ndi coding strand wa jini ina, n'kupempha ana kuti alembe mRNA yotuluka pamenepo, atchule malo m'selo momwe zimenezi zimachitikira, komanso afotokoze chifukwa chomwe selo limavutikira kuchita zonsezi. Mtsikana uja mawu awiri aja sanawawerenge n'komwe. Anangoona zilembo, dzanja n'kuyamba lokha: UAC GGA CUU AUU. Pa gawo lofotokoza anakhuthula zomwe analoweza za mmene DNA imadzichulukitsira selo lisanagawikane, yomwe ndi nkhani ina. Pepala linabwera lili ndi ziro pa funso lonselo, pambali pali mawu a inki yofiira omuuza kuti akaonane ndi aphunzitsi.

Sanapite. Anatengera pepalalo kwa mnyamata wa part time, amene analiyang'ana kanthawi n'kunena kuti aphunzitsi akusukulu amakonda kupinga ana, ndipo a MANEB safunsa choncho. Ena angati ankateteza bizinesi yake. Ine ndimaona kuti nayenso sankadziwa pomwe panalakwika, chifukwa nayenso anaphunzitsidwa moimba. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma mtsikanayu anafunsa ndithu. Kungoti anafunsa munthu amene ankadyera pa kusamvetsa kwake, n'kusiya amene anamuitana kwaulere.

Tsono chomwe anaphonya n'chiyani? Nkhaniyi si yoopsa monga imamvekera, bola iyambidwe poyambira pake.

Pafupifupi mtundu uliwonse wa maselo a thupi la munthu uli ndi nyukiliyasi, ndipo m'menemo muli DNA yokulungidwa m'makromozomu 46. Itatambasulidwa, DNA ya selo limodzi ingatalike pafupifupi mamita 2. Inalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, C ndi G, zomwe ndi mayina achidule a makemikolo, ndipo ili ndi zingwe ziwiri zopotana, A wa chingwe china atagwirana ndi T wa chinzake, C ndi G chimodzimodzi. Maonekedwe amenewa anafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, motsamira pa zithunzi ndi miyeso ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins a ku King's College London. Zigawo za DNA zosunga malangizo opangira mapuloteni ndiwo majini, ndipo mwa munthu otere alipo pafupifupi 20,000. Mapuloteniwo ndi amene amagwira ntchito m'thupi: hemoglobin yonyamula mpweya m'magazi, insulin yowongolera shuga, maenzayimu ogaya nsima yomwe tadya.

Vuto la selo nali. Malangizo ali mu nyukiliyasi, koma mapuloteni amapangidwira kunja kwake, pa tinthu totchedwa ma ribosome, ndipo DNA situluka. Amene anapitako ku parishi kukafuna umboni wa ubatizo akudziwa dongosolo lake. Buku lalikulu la kaundula silichoka mu ofesi, ngakhale uchonderere bwanji. Mlembi amatsegula tsamba lomwe pali dzina lako, n'kukopera mzere wako wokha pa kapepala, buku n'kulitsekanso. Kapepalako ndi komwe umayenda nako, ndipo kakang'ambika umabwerera kuti akulembere kena, bukulo lili chikhalire. Transcription ndi kukopera kumeneko, kapepalako ndi mRNA. Mwana akagwira mfundo imeneyi, mafunso oti zimachitikira kuti ndiponso chifukwa chiyani ayankhika kale, popanda kuloweza chiganizo ngakhale chimodzi.

Wokoperayo ndi enzayimu yotchedwa RNA polymerase. Siyambira paliponse ayi. Imakhala kaye pa chigawo cha DNA chotchedwa promoter, chomwe chimasonyeza poyambira jini ndi mbali yolowera. Ikatero imalekanitsa zingwe ziwiri zija pa kachigawo kakang'ono, n'kumayenda pa chingwe chimodzi chokha ikulumikiza zilembo za RNA zogwirizana ndi zomwe ikuwerenga, kumbuyo kwake DNA ikutsekekanso. RNA ilibe T, m'malo mwake ili ndi U. Shuga wake ndi ribose pomwe wa DNA ndi deoxyribose. Ndipo imakhala chingwe chimodzi. Enzayimu ikafika pa chizindikiro chomalizira imachoka, RNA n'kumasuka. M'maselo athu RNA imeneyi imakonzedwa kaye isanatuluke: nsonga zake zimatetezedwa, ndipo zigawo zosafunika pa puloteni, ma intron, zimadulidwa, zotsalazo n'kulumikizidwa. Richard Roberts ndi Phillip Sharp ndi amene anatulukira za ma intron amenewa mu 1977. Mabakiteriya alibe nyukiliyasi, kotero kwa iwo ma ribosome amayamba kuwerenga mRNA isanathe n'kukoperedwa komwe.

Chingwe chomwe enzayimu imawerenga ndi template strand, ndipo lamulo la mnyamata wa part time limagwira ntchito pa chimenechi chokha. Chinzakecho, coding strand, sichiwerengedwa. Koma poti nachonso n'chogwirizana ndi template, zilembo zake zimafanana ndi za mRNA, kungochotsa T n'kuikapo U. Choncho yankho la funso la mock lija linali lophweka kuposa ntchito yomwe mtsikana anadzipatsa: ATG CCT GAA TAA imakhala AUG CCU GAA UAA. Akanafuna kudzitsimikizira akanalemba kaye template, TAC GGA CTT ATT, n'kugwiritsa ntchito lamulo lake lomwe lija, n'kufika pa yankho lomwelo. Palinso nkhani ya mbali, yomwe oimbitsa ana saikhudza n'komwe. Chingwe chilichonse chili ndi nsonga ziwiri zosiyana, 5' ndi 3'. Enzayimu imawerenga template kuchokera ku 3' kulowera ku 5', ndipo RNA imakula kuchokera ku 5' kulowera ku 3'. Wokonza mayeso akangotembenuza mzere, woloweza wagwa m'mbuna.

Chomvetsa chisoni n'chakuti yankho lolondola linkadzionetsa lokha. Ribosome imawerenga mRNA zilembo zitatuzitatu, ma codon, ndipo gawo limeneli ndiye translation. Ma codon alipo 64. Mwa amenewa, 61 amaimira ma amino acid 20 omangira mapuloteni, ndipo atatu otsalawo, UAA, UAG ndi UGA, amanena kuti ntchito yathera pano. AUG ndi poyambira. Taonaninso yankho lija: likuyamba ndi AUG, likuthera pa UAA. Aphunzitsi aja anaika dala zizindikirozi kuti mwana womvetsa adziwe yekha kuti walondola. Mzere wa mtsikana uja unalibe poyambira, unalibe pothera, koma palibe amene anam'patsa maso oonera zimenezo.

Ndipo mwana wosamvetsa zinthuzi tsiku limodzi asadzitenge ngati mbuli. Kuchokera mu 1953, akatswiri a m'mayiko angapo anavutika zaka 8 asanagwire mRNA. Inatsimikizika mu 1961, Malawi isanalandire ufulu, pa ntchito ya Sydney Brenner, François Jacob ndi Matthew Meselson. Brenner anabadwira ku Germiston m'dziko la South Africa, bambo ake anali wosoka nsapato, ndipo anaphunzira ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Chaka chomwecho Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anamasulira codon yoyamba, UUU, yomwe imaimira phenylalanine. Munthu akakulonjeza kuti zomwe zinaswetsa mitu anthu amenewa akulowetsa m'mutu pa mphindi zochepa, dziwa kuti pali zomwe wataya m'njira.

Mayeso enieni anafika. Vuto silinalinso funso limodzi la DNA. Pofika nthawiyi mtsikanayu anali ataphunzira Bayoloje yonse mwa njira yomweyo: impso, mtima, kupuma, photosynthesis, zonse zinali malamulo oimba. Mafunso ofuna kungotchula anawayankha. Ofuna kufotokoza chifukwa, kapena kuyang'ana tebulo n'kunena tanthauzo lake, anam'gonjetsa. Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena anali bwino ndithu, koma pa Bayoloje panali 7. Ndi pasi, inde, koma sukulu za unamwino zimafuna kirediti, kutanthauza 6 kapena nambala yochepera apo. Nambala imodzi yokha inatseka khomo. Mayi ake anali atakongola ku banki m'khonde kuti alipire miyezi yomaliza ya part time, ndipo pobweza ngongoleyo chiwaya cha mandasi chinazizira kwa kanthawi.

Amene anadzatsegula mutu wa mtsikanayu anali pafupi nthawi yonseyi: amalume ake, mchimwene wa mayi ake, amene amagwira ntchito mu labu pa chipatala china cha boma. Palibe anaganizapo zowafunsa. Tili ndi chizolowezi chopeputsa thandizo laulere, ngati kuti nzeru imayamba kugwira ntchito pokhapokha italipiridwa. Atabwera kudzacheza pa Khirisimasi n'kumva nkhani yonse, anapempha pepala la mock lija. Analiwerenga, osanena kanthu za ziro, n'kufunsa funso looneka ngati lapadera.

"Iwe ukufuna unamwino. Wodwala TB amamwa mankhwala miyezi ingati?"

"Miyezi 6, amalume."

"Mwa mankhwalawo muli ena aja amafiiritsa mkodzo, rifampicin. Ukudziwa mmene amaphera kachilombo?"

Sankadziwa. Anamuuza kuti rifampicin amakakamira pa RNA polymerase ya bakiteriya wa TB n'kuitsekereza, moti singathenso kupanga RNA. Apa anaima, n'kumufunsa kuti bakiteriya wotere chimam'chitikira n'chiyani. Mtsikana anayamba kubwereza lamulo lake la A ndi U, amalume n'kupukusa mutu. Anam'siya aganize mpaka tiyi anazizira m'kapu. Kenako, mokayikira, anati ngati palibe mRNA ndiye kuti ma ribosome alibe chowerenga, ndiye kuti palibe mapuloteni, ndiye kuti kachilomboko sikangakhale ndi moyo.

"Chabwino. Nanga wodwalayo bwanji safa nawo, poti nayenso ali ndi RNA polymerase m'maselo ake?"

Limeneli linam'tengera nthawi yaitali, ndipo amalume sanam'thandize ngakhale mayi ake ankawayang'ana ndi diso loti m'chitireni chifundo mwanayu. Yankho analipeza yekha: enzayimu ya munthu iyenera kuti ndi yosiyana kapangidwe ndi ya bakiteriya, moti mankhwalawo alibe pogwira. Ndi momwedi zilili. Apo ndiye amalume anamasuka. Anam'fotokozera kuti enzayimu ya bakiteriyayo nayonso ndi puloteni, yopangidwa motsatira majini, ndipo imodzi mwa majiniwo imatchedwa rpoB. Chilembo chimodzi chikasintha pa kachigawo kena ka jini imeneyi, malo omwe rifampicin amagwira amasintha maonekedwe, mankhwala n'kusiya kugwira ntchito. Ndi kumene kumachokera TB yosamva mankhwala, ndipo n'chifukwa chake anamwino amaumirira kuti wodwala asadumphitse kapena kusiyira panjira: kuteroko kumapha tizilombo tofooka n'kusiyira malo tosinthika tija. Makina a GeneXpert omwe amalumewo amaikamo makhololo tsiku ndi tsiku, omwe bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amafufuza kachigawo ka rpoB komweko, ndipo m'maola awiri okha amanena ngati muli TB komanso ngati ingamve rifampicin.

Masiku otsatira anapitiriza chimodzimodzi, funso pa funso. Anam'funsa chifukwa chomwe selo la m'kapamba limapangira insulin pomwe la pakhungu silipanga, chonsecho DNA yawo ndi imodzi, mpaka mtsikana anaona yekha kuti selo lililonse limakopera majini ena n'kusiya ena ali chitsekere, ndipo kuti transcription ndi pamene selo limasankhira chomwe likhale. Anakamba za HIV, kachilombo kosunga uthenga wake mu RNA, komwe kamayenda chobwerera m'mbuyo: enzayimu yake, reverse transcriptase, imakopera RNA kukhala DNA, DNA imeneyo n'kulowetsedwa mu makromozomu a munthu. Enzayimu ya mtundu umenewu inatulukiridwa mu 1970 ndi Howard Temin ndi David Baltimore. M'piritsi limodzi lomwe anthu ambiri pa ma ARV amamwa lero, tenofovir ndi lamivudine amasokoneza kukopera kobwererako, pomwe dolutegravir amaletsa kulowetsako. Boma lathu linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mankhwalawa afika m'midzi yambiri, koma ana athu amaphunzira mutu womwe umawafotokoza ngati nkhani ya kutali ya azungu.

Za sickle cell mtsikana anachita kufunsa yekha, chifukwa mnzake wina wa ku pulayimale ankadwala kawirikawiri, mafupa akuphwanya, maso achikasu. Amalume anam'lembera GAG, n'kum'lembera GTG, n'kumuuza kuti zonsezi ndi za coding strand, apange mRNA. Nthawi ino anafunsa kaye kawiri kuti ndi chingwe chiti, kenako analemba GAG ndi GUG. Kusiyana kwa chilembo chimodzi chimenechi, mu jini ya hemoglobin ya pa kromozomu 11, kumaika valine pamalo pa glutamic acid, ndipo maselo ofiira amapindika mpweya ukachepa n'kumatseka timitsempha. RNA polymerase silakwitsa pamenepa. Imakopera mokhulupirika zomwe yapeza. Wolandira jini yotere kwa kholo limodzi lokha nthawi zambiri sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu, chomwe n'chifukwa chake jiniyi ndi yofala m'madera a malungo ngati kwathu kuno.

Chomwe amalume anachita chosiyana ndi mnyamata wa kuseri kwa golosale si kudziwa zambiri kokha. Sankayamba ndi yankho. Ankam'siya mwana avutike pang'ono, alakwitse, aone yekha polakwika. Ndipo asanabwerere ku ntchito anam'patsa mayeso omwe ine ndimawaona kuti ndi oposa ma past paper onse: anaitana mng'ono wa mtsikanayo wa Sitandade 8, n'kuuza mtsikanayo kuti am'fotokozere transcription m'Chichewa, kope litatsekedwa. Pomwe ankakakamira n'kuthawira ku chiganizo cha Chingerezi choloweza, pamenepo ndi pomwe anali asanamvetse, ndipo ankabwererapo.

Masiku ano kwabweranso mthandizi wina, wa m'thumba. Pa foni pali mapulogalamu omwe ukawalembera funso amayankha nthawi yomweyo, mwaulemu, m'Chingerezi chosalala, ndipo pali makanema abwino oonetsa enzayimu ikuyenda pa DNA kwa amene ali ndi bandulo. Sindikunena kuti mwana azithawe. Kuona chinthu chikuyenda kumathandiza kwambiri pa sukulu yopanda labotale. Koma foni imatha kukhala mnyamata wa kuseri kwa golosale yemwe uja, wosatopa komanso wosagona. Ukaipatsa homuweki imakuchitira, iwe n'kukopera, aphunzitsi n'kuchonga, aliyense n'kumaganiza kuti zinthu zili bwino mpaka tsiku lomwe foni idzatsale panja pa chipinda cha mayeso. Imathanso kulakwitsa, ndipo ikalakwitsa sichita chibwibwi. Yankho lolakwa imalinena ndi mtima womwewo womwe imanenera lolondola. Manotsi oyenda m'magulu a WhatsApp nawo ena anakoperedwa kambirimbiri moti template ndi coding zinasinthana malo kalekale, ndipo palibe dzina la munthu woti n'kumufunsa. Mwana wofuna kupindula ndi zimenezi ayambe wayesa yekha, afunse foniyo chifukwa osati yankho, ndipo zomwe yanena akaziyerekeze ndi buku komanso aphunzitsi.

Si aphunzitsi onse a part time omwe ali ngati uja. Alipo ambiri odziwa ntchito yawo, ena mwa iwo ndi aphunzitsi enieni ofuna kuwonjezera pa malipiro osakwanira. Koma msika uli ndi khalidwe lake: umakonda amene amasangalatsa mwana lero, chifukwa mwana wosangalala ndi amene amabweranso mwezi wamawa ndi ndalama. Mphunzitsi amene amam'bweza mwana ndi funso, amene amam'siya atuluke mutu uli wotentha, sachedwa kutchedwa wovuta. Mtsikana uja pano akubwereza Fomu 4 pa open school, masana, m'makalasi omwewo. Tsiku loyamba anapita ndi pepala lija kwa aphunzitsi ake akale, ndipo anam'khazika pansi n'kuyambira pomwe akanayambira chaka chatha. Anzake omwe analemba nawo mayeso, ena ali kale ku koleji.

Inu makolo amene mukulipira part time, simukufunika kudziwa Bayoloje kuti muone ngati ndalama yanu ikugwira ntchito. M'khazikeni mwana pakhonde madzulo ano, kope litatsekedwa, akufotokozereni m'chinenero cha pakhomo chifukwa chomwe selo limakopera uthenga wa mu DNA m'malo moitulutsa DNA yeniyeniyo. Khutu la munthu wamkulu limasiyanitsa wofotokoza ndi woimba. Ndipo iwe wa Fomu 4, mawa mphunzitsi wako wapadera akakulembera mzere wa zilembo kuti usinthe, usanagwire cholembera um'funse kuti chingwe chimenecho ndi template kapena coding, ndipo nsonga ya 5' ili mbali iti. Akakuyankha kuti zimenezo zilibe ntchito, ndalama ya mwezi wamawa ikhale m'thumba la amayi ako, ndipo upite kwa aphunzitsi amene anakulembera ndi inki yofiira.